OK payekha sakwanira pa ndalama, mankhwala ndi moyo

Mwa mawu a Chingerezi amene adalowa m'kamwa mwathu, palibe liwu limene lidafika patali ngati OK. Agogo amene sadaponde m'kalasi amalidziwa, chifukwa lidalembedwa pa batani lapakati la kafoni kawo. Kondakitala amalikuwa pouza dalaivala kuti minibasi inyamuke, kalaliki amalilemba pakona pa fomu, mwana wa Sitandade 2 amayankha nalo mayi ake akamutuma. Pali aphunzitsi ndi makolo amene amalakalaka liwuli litatheratu, ati ndi la ulesi komanso lamwano. Ine sindigwirizana nawo. Ndi liwu lothandiza, lalifupi, lomveka ngakhale netiweki ikuvuta. Vuto ndi lakuti talisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Timalitenga ngati umboni woti munthu wamva, wamvetsa, wavomera ndipo achita, pomwe palokha silinena kuti mwa zinayizi chachitika n'chiti. Pamene pali ndalama, mankhwala, pangano kapena moyo wa munthu, OK wopanda mawu ena omutsatira tizimutenga ngati yankho losamaliza, ndipo amene wafunsa asachoke asanafunsenso.

Mbiri ya liwuli ndi yodziwika bwino kuposa ya mawu ambiri, mpaka tsiku limene lidaoneka m'nyuzipepala koyamba. Cha m'ma 1838 olemba nkhani mumzinda wa Boston ku America adayamba kusewera ndi mawu: ankatenga chiganizo n'kusiya zilembo zoyambirira zokha. Sewerolo lidakula mpaka adayamba kulemba mawu molakwika mwadala, kenako n'kufupikitsa cholakwikacho. "All right" ankalemba "oll wright", n'kukhala O.W. "No use" ankalemba "know yuse", n'kukhala K.Y. Pa 23 Malichi 1839 nyuzipepala ya Boston Morning Post, yomwe mkonzi wake adali Charles Gordon Greene, idatulutsa kankhani konyogodola anzawo a nyuzipepala ina ya mumzinda wa Providence, ndipo m'katimo mudali zilembo "o.k." pamodzi ndi tanthauzo lake, "all correct", ndiye kuti zonse zili molondola. Choseketsa chidali choti mawu awiriwo amayamba ndi a komanso c. Kuti zilembo zikhale o ndi k, munthu ayenera kulemba motsatira khutu, "oll korrect".

O.W. ndi K.Y. adafa msanga. OK adapulumuka chifukwa cha ndale. Mu 1840 kudali chisankho cha pulezidenti, ndipo amene adali pampando, Martin Van Buren, adabadwira m'tawuni ya Kinderhook m'chigawo cha New York, moti anthu ankamutcha Old Kinderhook. Omutsatira mumzinda wa New York adakhazikitsa gulu lotchedwa O.K. Club, zilembo ziwirizo zikunena dzina la munthu wawo komanso kuti munthuyo ali bwinobwino. Otsutsa nawo sadagone. Adafalitsa nkhani yoti Andrew Jackson, pulezidenti wakale wa chipani chomwecho, ankalephera kulemba ndipo ankaika O.K. pa zikalata poganiza kuti ndi momwe "all correct" amafupikitsidwira. Nkhaniyo idali yopeka, koma idathandiza kuti liwulo limveke ponseponse. Van Buren adagonja kwa William Henry Harrison, zilembo zake n'kutsala m'kamwa mwa anthu.

Chimene chidalikhazikitsa ndi ntchito. Mu 1844 Samuel Morse adatumiza uthenga pa waya kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore, ndipo m'zaka zotsatira mawaya a telegalafu adatsata njanji kulowa paliponse. Pa waya chilembo chilichonse chinkadya nthawi ndi ndalama, choncho ogwira ntchito ankafuna chizindikiro chachifupi chouza mnzawo wa kutsidya kuti uthenga wafika wonse. OK adakwanira pa ntchito imeneyo. Apa ndipo pagona nkhani. Wa telegalafu akatumiza OK sankanena kuti akugwirizana ndi zili mu uthengamo, kapena kuti wolemberedwayo achita zimene wapemphedwa. Ankangonena kuti mawu afika osaduka. Kuyambira kalelo, "ndalandira" ndi "ndavomera" akhala akuyendera m'liwu limodzi.

Amene adafukula zonsezi ndi Allen Walker Read, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Columbia, yemwe adasanthula nyuzipepala zakale n'kusindikiza zimene adapeza m'magazini ya akatswiri a chiyankhulo ya American Speech mu 1963 ndi 1964. Ngakhale zili choncho, nthano zikadali mbwee. Ena amati asilikali a pankhondo yapachiweniweni ya ku America ankalemba "0 killed" tsiku limene sadafe munthu. Koma nkhondoyo idayamba mu 1861, liwuli litakhala kale m'nyuzipepala zaka 22. Ena amati ndi Chigiriki, "ola kala", zonse zili bwino. Pulezidenti wa America Woodrow Wilson ankakhulupirira kuti ndi liwu la anthu a mtundu wa Choctaw, amodzi mwa eni nthaka a dzikolo, moti pa zikalata ankalemba "okeh". Palinso ganizo lotikhudza ife a mu Africa, lomwe katswiri wa ziyankhulo David Dalby adalilimbikitsa cha m'ma 1970, loti akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa adapita ndi mawu ovomerezera omveka chimodzimodzi a m'ziyankhulo monga Wolof ndi Mandinka. Ganizoli n'lokoma kumva, ndipo n'zoona kuti Chingerezi cha ku America chidatola zambiri kwa akapolo. Koma kufanana kwa kamvekedwe pakokha si umboni, poti ziyankhulo zingapo zosagwirizana n'komwe zili ndi kaliwu kovomerezera komveka choncho. Nkhani ya ku Boston ndi yokhayo imene ili ndi mapepala otsatizana, oonetsa liwu likubadwa, likufotokozedwa kwa owerenga amene sankalidziwa, kenako likuleka kufotokozedwa chifukwa aliyense walizolowera. Ine ndili kumbali imeneyo.

Eni chiyankhulo amaligwiritsa ntchito m'njira zambiri, ndipo ambiri mwa ife tidaphunzirako imodzi kapena ziwiri. Poyankha pempho, OK ndi kuvomera: bwana akati ubwere 7 koloko iwe n'kuti OK, walonjeza. Pomvetsera munthu akulongosola, OK ndi kugwedeza mutu chabe, kumuuza kuti pitirizani ndikutsatira, ndipo womvetsera angathe kulinena kambirimbiri kenako n'kukana zonse pamapeto. Kumayambiriro kwa chiganizo, monga mphunzitsi akati "OK, open your books", liwuli silivomera kanthu, likungotseka nkhani ina n'kutsegula ina. Kumapeto kwa chiganizo limasanduka funso kapena chenjezo: "Be home by six, OK?" M'maofesi limakhalanso mneni ndi dzina, pamene amati bwana "has OK'd" pempho kapena wapereka "the OK", ndiko kuti chilolezo chatuluka.

Zimene zimagwetsa anthu athu kunja ndi ziwiri zotsalazi. Pofotokoza ubwino wa chinthu, OK si chiyamikiro. Mngelezi akati chakudya chidali OK akutanthauza kuti chidali chodyeka, sichidamunyanse koma sichidamusangalatsenso. Woyang'anira ntchito ku London kapena ku Johannesburg akaona zimene wagwira n'kuti "it's OK", usamve ngati wakutamanda. Wakuuza kuti wangokhoza pang'ono. Ife tikati "zili OK" nthawi zambiri timatanthauza kuti zili bwino ndithu, zili bho, ndiye Mmalawi woitanidwa kukadya kwa azungu akathokoza ponena kuti chakudya chili OK, wophika amamva ngati chanyozedwa.

Chinacho n'chovuta kwambiri: OK angathe kukhala kukana. Wina akakufunsa ngati ukufuna tiyi, "OK" ndi inde, koma "I'm OK" kapena "I'm OK, thanks" ndi ayi, sindikufuna. "That's OK" poyankha munthu wofuna kukuthandiza ndi ayinso, pomwe poyankha munthu wopepesa ndi kukhululuka. Kusiyana kwa inde ndi ayi kwagona pa kaliwu kamodzi kotsogolera, kamene khutu losazolowera limakaphonya. Alipo abale athu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain, ndipo kumeneko nkhaniyi si yocheza. Nkhalamba ikafunsidwa "are you OK?" imayankha "I'm OK" mwachizolowezi ngakhale ikumva ululu, chifukwa funsolo limamveka ngati moni. Wosamalira wodziwa ntchito amafunsa chinthu chenicheni: pakupweteka ndi pati, mwadya chiyani, mwamwa madzi makapu angati lero.

Chichewa chimagawa ntchito zimenezi kwa mawu osiyanasiyana. "Ndamva" ndi za khutu, "ndamvetsa" ndi za mutu, "ndavomera" ndi pangano, ndipo "ndichita" ndi lonjezo. Pokhululuka timati palibe kanthu, pokana chakudya timati zikomo ndakhuta, ndipo munthu amene zinthu sizikumuyendera kwenikweni akapatsidwa moni amangoti "choncho". Wina anganene kuti mankhwala ake ndi osavuta, tingosiya OK n'kubwerera ku mawu athu. Sindikhulupirira kuti zingathe choncho, chifukwa ifenso tili ndi OK wathu. "Chabwino" amanena munthu wokondwa, amanenanso munthu amene wagonja pa mkangano koma mumtima sanavomere. "Ndamva" wa mwana kwa bambo ake, kapena wa wantchito kwa bwana, nthawi zambiri ndi ulemu chabe, poti kwathu kuno wamng'ono sauza wamkulu m'maso muli gwa kuti sindinamvetse kapena sindichita. OK adangowonjezera njira ina yotsekera nkhani popanda kukana ndiponso popanda kulonjeza. Kusintha liwu kokha sikuchiza. Chofunika kusintha ndi kafunsidwe ndi kayankhidwe, ndipo amene adaphunzira izi mowawa kwambiri ndi a ndege.

Pa 27 Malichi 1977 bomba lidaphulika pabwalo la ndege la Gran Canaria, chimodzi mwa zilumba za dziko la Spain, ndipo ndege zambiri adazipatutsira ku bwalo laling'ono la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife. Mwa izo mudali ziwiri zikuluzikulu za mtundu wa Boeing 747, ina ya kampani ya KLM, ina ya Pan Am. Bwalolo lidadzaza mpaka njira yapambali idatsekeka, ndiye ndege zinkayenda pamsewu womwewo wonyamukirapo kuti zikafike poyambira. Madzulo kudagwa chifunga chochindikala. Wa pansanja yowongolera ndege sankaziona ndegezo, nazonso sizinkaonana, ndipo bwalolo lidalibe rada yoonera ndege zili pansi. Ya KLM idafika kumapeto n'kutembenuka, ya Pan Am ikadali pamsewu, ikubwera moyang'anizana nayo. Wa pansanja adapatsa a KLM malangizo a njira yoti adzatsate akadzanyamuka, zomwe si chilolezo chonyamukira. Wothandizira woyendetsa adabwereza malangizowo n'kumaliza ndi mawu osalunjika onena za kunyamuka, apo n'kuti kaputeni atayamba kale kuthamangitsa ndege. Wa pansanja, poganiza kuti akunena kuti aima pamalo onyamukira, adayankha kuti "OK", adapuma pang'ono, n'kuwonjezera kuti adikire, awaitana. Nthawi yomweyo a Pan Am adalowa pa wailesi kuchenjeza kuti akadali pamsewu. Mauthenga awiriwo atakumana pa wailesi padalira phokoso, ndipo chimene chidamveka bwino m'chipinda cha oyendetsa a KLM chidali OK yekha. Ndegezo zidawombana. Anthu 583 adafa, onse 248 a mu KLM ndi 335 a mu Pan Am. Opulumuka adali 61. Mpaka lero palibe ngozi ya ndege imene idapha anthu ochuluka chotere.

Sindikunena kuti liwu limodzi ndilo lidapha anthuwo. Ofufuza a ku Spain adapeza kuti cholakwa chachikulu chidali cha kaputeni amene adanyamuka wopanda chilolezo, ndipo chifunga, kupanikizika ndi nthawi komanso wailesi zidathandizira. Koma OK adagwa pakati pa anthu awiri amene aliyense adali ndi maganizo ake, n'kugwirizana ndi maganizo onse awiri. Kwa wa pansanja adatanthauza "ndakumvani". Kwa munthu wofulumira kunyamuka adamveka ngati "pitani". Liwuli silitsutsa zimene womva ali nazo kale m'mutu, limangomulimbitsa mtima.

A ndege adakonza motere. M'mawu ovomerezeka a pa wailesi yawo OK mulibe. "Roger" amatanthauza kuti ndalandira uthenga wanu wonse, basi, ndipo saloledwa kukhala yankho la funso lofuna inde kapena ayi. "Wilco" ndi ndamvetsa ndipo ndichita. "Affirm" ndi inde, "negative" ndi ayi, "standby" ndi dikirani ndikuitanani. Liwu la "take-off" limatchulidwa pokhapokha chilolezo chonyamukira chikuperekedwa kapena kulandidwa. Nthawi ina yonse amati "departure". Koposa zonse, woyendetsa amabwereza chilolezo chimene wapatsidwa, nambala ya msewu, kutalika koti aulukepo ndi dzina loitanira ndege yake, ndipo wa pansanja amamvetsera kubwerezako n'kukonza ngati pali cholakwika. Ndege ikamatera ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka amayankhulirana momwemo. Wina anena, wina abwereza, woyamba uja atsimikiza. Njira imeneyi sifuna makina, aliyense angaitsate.

Osambira pansi pa madzi ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear amachita zomwezo ndi manja. Kabwalo kopangidwa ndi chala chamanthu ndi chamkombaphala ndi funso komanso yankho, ndipo wofunsidwa ayenera kubweza chizindikirocho. Akapanda kubweza, mnzake amadziwa kuti pali vuto. Chala chamanthu choloza m'mwamba, chomwe kumtunda timachiyesa OK, pansi pa madzi chimatanthauza tiyeni tikwere, ndipo ophunzira atsopano amasokoneza ziwirizi. Kabwaloko musakaonetse ku Brazil, kumeneko ndi kutukwana.

Kwathu kuno malo oyamba ofunika njira imeneyi ndi pawindo la mankhwala kuchipatala. Tengani LA, mankhwala a malungo amene Malawi adayamba kugwiritsa ntchito mu 2007. Munthu wolemera makilo 35 kapena kuposa amamwa mapiritsi 4 nthawi imodzi, maulendo 6 m'masiku 3, onse pamodzi 24: ulendo woyamba pomwepo, wachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Mwana wa makilo 5 mpaka 14 amamwa piritsi 1 pa ulendo, wa makilo 15 mpaka 24 amamwa 2, wa makilo 25 mpaka 34 amamwa 3. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi munthu akadya chakudya chokhala ndi mafuta, monga phala lotendera, kapena akamwa mkaka. Zonsezi wopereka mankhwala amazinena mothamanga, mzere uli wautali kumbuyo, wodwala mutu ukuwawa, n'kumaliza ndi "mwamva?" Yankho limakhala OK kapena eya, ndipo onse awiri amasiyana ali okhutira. Zolakwika zake n'zodziwika: kumwa piritsi limodzilimodzi m'malo mwa 4, kudikira mpaka mawa kuti amwe ulendo wachiwiri, kusiya tsiku lachiwiri thupi likazizira n'kusungira mwana otsalawo. Tizilombo tikatsala m'magazi malungo amabwerera. Funso loti "mwamva?" lili ndi yankho limodzi lokha laulemu, n'chifukwa chake silithandiza. Lothandiza ndi ili: "Amayi, ndikufuna ndione ngati ndalongosola bwino. Mukafika kunyumba mumwa angati, nthawi yanji?" Ngati pali cholakwa chagwera wolongosola, mayiwo sanachititsidwe manyazi, ndipo akayankha kuti limodzi m'mawa limodzi madzulo, vuto lagwidwa asanatuluke pachipata.

Pa malonda zinthu zimatembenuka. Kumeneko OK amene iwe ukumuyesa wopepuka angathe kukumanga. Mu Juni 2023 khoti la m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada lidagamula mlandu wa mlimi ndi kampani yogula mbewu. Mu Malichi 2021 wogula adatumizira mlimiyo pafoni chithunzi cha kontirakiti ya matani opitirira 80 a fulakesi, mbewu yoyengera mafuta, n'kumupempha kuti atsimikize. Mlimi adayankha ndi kachithunzi ka chala choloza m'mwamba. Pofika Novembala mtengo udakwera kwambiri, ndipo mbewu sadapereke. Kukhoti adati kachithunziko kankangotanthauza kuti uthenga waulandira. Woweruza adayang'ana momwe awiriwa ankachitira malonda m'mbuyomo, n'kupeza kuti makontirakiti angapo mlimiyo adawavomera ndi timawu monga "ok", "yup" ndi "looks good", ndipo katundu ankapereka. Adagamula kuti pakati pa anthu awiriwa yankho lotere ndi kusaina, n'kulamula mlimiyo kuti alipire madola a ku Canada opitirira 82,000. Mkangano wonse udali pa funso loti adati ndalandira kapena adati ndavomera.

Chigamulo cha ku Canada sichimanga makhoti athu, koma Malawi ali ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limazindikira mauthenga a pa makina, ndipo malonda a soya, nandolo, simenti ndi lendi ya nyumba masiku ano akupanganidwa pa WhatsApp. Wamalonda wochenjera asiye kuyankha mtengo ndi OK. Ngati wangoona uthenga, alembe kuti "Ndalandira, ndiyankha mawa ndikaona katundu." Ngati wavomera, abwereze kuti ndi katundu wanji, wochuluka bwanji, pa mtengo wanji, tsiku liti: "Ndavomera matumba 40 a soya a makilo 50, pa mtengo mwatchulawu pa kilo, kudzatenga Lachisanu, thiransipoti yanu." Amene walandira OK wopanda kanthu asathamangire kukabwereka galimoto. Abweze uthenga: "Ndiye mwavomera matumba 40 Lachisanu?" Safunsa adadya phula.

OK wa pa batani ali ndi vuto lakelake. Pamene kampani ya Apple inkakonza kompyuta ya Lisa, yomwe idatuluka mu 1983, batani lotsimikizira lidalembedwa "Do It". Poyesa makinawo ndi anthu wamba adaona ena akulizemba n'kumadina "Cancel", mpaka wina adafotokoza kuti ankawerenga "Dolt", liwu lotanthauza chitsiru, ndipo ankadabwa kuti kompyuta ikumutukwaniranji. Adasintha n'kuika OK. Batanilo lidagwira ntchito, koma lidabala chizolowezi choipa. Lomwelo limatseka uthenga wopanda pake, lomwelo limafufuta mafayilo, lomwelo limatumiza ndalama, ndiye chala chimazolowera kudina maso asanawerenge. Malo akenso sakhazikika: pa Windows OK amakhala kumanzere kwa Cancel, pa makompyuta a Apple amakhala kumanja, ndipo Android idasintha mbali mu 2011. N'chifukwa chake malangizo a makampani omwewa kwa okonza mapulogalamu amati batani lizinena ntchito yake, monga Save kapena Delete. Achinyamata athu amene akukonza mapulogalamu m'Chichewa asangomasulira OK kukhala "Chabwino". Alembe "Tumizani K5,000", "Fufutani", "Bwererani".

Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wotsimikizira umene umabwera ndalama isanapite ndiwo kubwereza kuja kwa a ndege; makina akukuwerengerani zimene mwalemba. Uwerengeni wonse: nambala, kuchuluka kwa ndalama, ndi dzina la wolandira pomwe laonetsedwa. Zolakwika zofala ndi kusinthanitsa manambala awiri oyandikana, kuwonjezera ziro imodzi K5,000 n'kukhala K50,000, ndi kusankha dzina lina pa mndandanda wa m'foni. Ndalama ikapita kwa munthu wolakwika iye n'kuitapa msanga, kuibweza kumavuta. Ndipo uthenga wopempha PIN ukangotulukira pafoni inu musanayambitse kalikonse, dinani batani lokana.

Ena adzati moyo sungayende ngati aliyense azibwereza chilichonse, ndiponso kuti kufunsa wamkulu kuti abwereze n'kumuderera. Mfundo yoyambayo ndi yoona, n'chifukwa chake sindikuti OK achoke pa macheza. Mnzako akati tikumana ku mpira, OK wakwana. Muyeso wake ndi kudzifunsa kuti zikapezeka kuti sitinamvane chitayike n'chiyani, ndipo chingabwezedwe kodi. Pa mfundo yachiwiri, wamng'ono sayenera kuuza wamkulu kuti bwerezani. Abwereze iye mwini: "Ndiye bambo mwati ndikagule matumba 3 a feteleza wa Urea, osati wa NPK, eti?" Umenewo ndi ulemu woposa OK, chifukwa ukuonetsa kuti mawu a bambowo wawasunga.

Pa za ulemuzi makolo odandaula aja ali ndi mbali yoona. M'Chichewa ulemu umakhala m'kati mwa mneni, "mwadya" m'malo mwa "wadya", "abwera" m'malo mwa "wabwera". OK alibe poika ulemuwo. Ndi yemweyo kwa mwana ndi kwa apongozi, ndiye amamveka wouma, ndipo pa foni amauma kwambiri. Ofufuza a pa yunivesite ya Binghamton ku America, motsogozedwa ndi Celia Klin, adaonetsa ophunzira 126 mayankho a liwu limodzi monga "okay" ndi "sure", n'kupeza kuti mauthenga a pafoni okhala ndi mpumiro kumapeto ankaoneka osachokera pansi pa mtima poyerekeza ndi opanda mpumiro. "K" yekha ambiri amamumva ngati mkwiyo. Kwa apongozi, abusa kapena amfumu, "Chabwino bambo, ndamva, ndibwera Loweruka" ndi mawu ochepa amene apereka ulemu n'kutsimikizanso tsiku.

Za kalembedwe sizivuta. OK ndi okay onse ndi olondola m'Chingerezi. OK ndiye wakale, okay adabwera pambuyo potsatira katchulidwe, ndipo O.K. wa madontho akutha. Sankhani chimodzi m'chikalata chonse. M'kalata yofunsira ntchito, mu lipoti kapena pa mayeso a MSCE pali mawu olunjika kuposa amenewa, monga "acceptable", "satisfactory" ndi "approved". M'maofesi mwathu chizolowezi choti bwana alembe "OK" pakona pa pepala lopempha ndalama chiyenera kutha. Owerengetsera chuma akadzabwera patatha chaka sangadziwe ngati bwanayo ankati waona pepalalo, wavomera kuti katundu agulidwe, kapena wavomera kuti ndalama ituluke, ndipo wodzapanikizidwa ndi mafunso amakhala kalaliki amene adalemba cheke. Pa pepala lotere pazilembedwa chimene chavomerezedwa, ndalama zake m'manambala ndi m'mawu, tsiku, dzina la wovomereza ndi siginecha yake.